Mchenga wakuda wa ku Makanjira: mudayeza liti, nanga nambala ili kuti?

Ku Makanjira, kutsidya la kuvuma kwa nyanja m'boma la Mangochi, kuli malo amene mchenga wake ndi wakuda bii, wolemera ukautapa m'manja, wonyezimira dzuwa likawomba. Ana amasewerapo, asodzi amakokerapo mabwato, amayi amayanikapo zovala. Mu 2017 boma lidapatsa kampani ya Mawei Mining chiphaso chokumba mchengawo, chifukwa muli miyala ya ilmenite, rutile, zircon ndi monazite. Iwiri yoyambayo imatulutsa titanium, amene amayeretsa penti ndi kulimbitsa ndege. Zircon amapita kopanga matailosi. Imeneyi ndiyo miyala yokoma kuitchula pa msonkhano. Wachinayiyo, monazite, amakhala ndi thorium, ndipo thorium amatulutsa cheza cha nyukiliya usana ndi usiku.

Mafunso athu ali kwa inu a unduna wa migodi, inu a bungwe loona za mphamvu za nyukiliya la AERA, inu a bungwe loona za chilengedwe la MEPA, ndi inu akuluakulu a khonsolo ya Mangochi. Musanasaine chiphaso chija, ndani adayenda pa gombe limeneli ndi chipangizo choyezera cheza? Adayeza tsiku liti? Adaima pati ndi pati? Adapeza nambala yanji pa doko, pa sukulu, pa chitsime, m'munda wa chinangwa? Ngati nambalazo zilipo, zikutani m'kabati? Ngati palibe, mudasaina mutatsamira pa chiyani?

Tisaopseze anthu pachabe. Mchenga umenewu udalipo makolo athu asanafike m'mbali mwa nyanja, ndipo thorium amene ali m'menemo ndi wochepa, womwazikana pakati pa mchenga wamba. Cheza chili paliponse: m'miyala, m'njerwa, m'chakudya, ndi chochokera kumwamba. Mu 2008 akatswiri a United Nations adati pa avereji munthu amalandira mamillisievert 2.4 a cheza pa chaka kuchokera ku chilengedwe chokha. Ku Kerala m'dziko la India ndi ku Guarapari m'dziko la Brazil anthu akhala zaka mazana pa magombe a monazite amene cheza chake n'chokwera kuposa m'malo ambiri padziko, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri wa anthu a ku Karunagappally, ku Kerala komweko, sadapeze kuti khansa yachuluka chifukwa cha mchengawo. Choncho muyeso ukhoza kukuyeretsani. Nanga mukuuopa chiyani?

Nkhani imasintha makina akalowapo. Ntchito ya mgodi wa mchenga ndi kusefa: mchenga umasakanizidwa ndi madzi, umatsetsereka m'ngalande zopotapota, wopepuka n'kupita kunja, wolemera n'kutsalira m'kati. Kenako wolemerawo amauumitsa n'kuudutsitsa pa maginito ndi pa magetsi mpaka mwala uliwonse ukhale mulu wakewake. Monazite amene adali apa ndi apo tsopano ali pamodzi, m'thumba limodzi, m'shedi imodzi, kapena pa dzala limodzi ngati kampani sikumufuna. Ndipo pouma pamakhala fumbi. Cheza cha mtundu wa alpha, chimene thorium amatulutsa, sichingaboole ngakhale pepala, sichidutsa khungu. Koma fumbi likalowa m'mapapo mulibenso khungu lotchinga, ndipo limakhazikika m'menemo kwa zaka. Mnyamata amene waweruka ndi fumbi m'tsitsi ndi mu ovolosi, n'kukapereka ovolosiyo kwa mkazi wake kuti achape, watengera mgodi kunyumba.

Ndiye tiuzeni. Monazite wa ku Makanjira adzapita kuti? Adzagulitsidwa, adzasungidwa, kapena adzakwiriridwa m'dzenje lomwe adachokera? Ngati adzakwiriridwa, mwakuya bwanji, ndipo kutalikirana bwanji ndi madzi? Mvula ya February ikadzakokolola mulu wa zotsalira, madziwo adzaima pati? Tonse tikudziwa kumene madzi a ku Makanjira amathera. Amathera m'nyanja imene imadyetsa dziko lino usipa, utaka ndi chambo, imene imatulukira mu Shire pa Mangochi pomwe, n'kudutsa Malombe kupita kumunsi.

Mudzati nkhaniyi ndi ya sayansi yozama, anthu wamba sangaimve. Tiyeni tiione kuzama kwakeko. Chipangizo chimene tikunena ndi kachubu kachitsulo kotsekedwa, kodzaza mpweya monga neon kapena argon, kokhala ndi waya wopyapyala pakati. Wayayo amapatsidwa mphamvu ya magetsi ya mavoliti mazana angapo. Kanthu ka cheza kakalowa m'chubumo kamathothola maelekitironi pa maatomu a mpweya uja. Maelekitironiwo amathamangira ku waya, akuthothola anzawo m'njira, mpaka chigulu chonse chikafika pa wayapo nthawi imodzi, chipangizo n'kulira kuti the! Pamalo wamba chimalira mwa apo ndi apo. Ukachiyandikiza pa mulu wa monazite chimangoti thethethethe osapumira, nambala n'kumakwera pa galasi. Mwana wa fomu 2 akhoza kumva kusiyana kwake ndi makutu okha. Agogo amene sadapiteko kusukulu akhozanso kumva. Chozama n'chiyani pamenepa?

Si chipangizo chatsopano ayi. Hans Geiger ndi Ernest Rutherford adayamba kuwerenga tinthu ta alpha ndi chubu cha mpweya mu 1908 ku Manchester. Mu 1928 Geiger ndi wophunzira wake Walther Müller adachikonza kukhala mmene tikuchidziwira lero. Kuchokera pamenepo anzathu sadaime. Mu 1968 Georges Charpak, ku CERN pafupi ndi Geneva, adayala mawaya ambirimbiri m'bokosi limodzi la mpweya kuti aone pamene kanthu kadutsa, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1992. Mu 1974 David Nygren adapeza njira yoyeza nthawi imene maelekitironi amatenga kuti afike kumapeto kwa bokosi, kotero kuti kompyuta imajambula njira yonse ya kanthuko, m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba.

Lero ku FRIB, pa yunivesite ya Michigan State ku America, malo amene adatsegulidwa mu 2022, ndi ku GANIL mumzinda wa Caen ku France, akatswiri amapanga maphata a maatomu amene padziko pano sapezeka, a mtundu umene umabadwa nyenyezi zikamaphulika. Ena sakhala ndi moyo ngakhale sekondi imodzi. Amapangika ochepa kwambiri, choncho kutaya limodzi ndi kuluza. Nzeru imene adapeza ndi yakuti mpweya womwewo ugwire ntchito ziwiri. Amadzaza bokosi ndi hydrogen, deuterium kapena helium, n'kuomberamo maphata achilendo aja. Phata likagunda atomu ya mpweya, zidutswa zimamwazika, ndipo chidutswa chilichonse chimasiya mzere wa maelekitironi mumpweya momwemo. Mizereyo imatsikira pa bolodi la timaso toposa 10,000, kompyuta n'kuonetsa pamene kugundana kwachitikira, kumene chidutswa chilichonse chalowera, ndi mphamvu imene chidali nayo.

Anzathu akulondola phata limodzi limene limatha munthu asanaphethire. Ife tikufunsa za thorium amene amatenga zaka 14 biliyoni kuti theka lake lithe, amene ali phee pansi pa mapazi athu, sathawa, sabisala. Sitikupempha FRIB ku Mangochi. Sitikupempha ngakhale makina ngati a iThemba LABS kufupi ndi Cape Town, kumene anzathu a mu Africa momwe muno amaphunzira za phata la atomu ndi kupanga mankhwala a m'zipatala. Tikupempha chipangizo cha 1928. Ku ofesi ya DC ku Mangochi chilipo? Ku ofesi ya zachilengedwe? Ku chipata cha Chiponde, kumene magalimoto amalowa ndi kutuluka ku Mozambique? Ngati chilipo, adachiyesa liti komaliza kuti aone ngati chikunena zoona? Mabatire alimo? Amene amadziwa kuchiwerenga ndani, ndipo ali ndi njinga yamoto yokafikira ku Lulanga mvula ikagwa?

Mudzati ndalama palibe. Chipangizo wamba cha mtundu umenewu mtengo wake sufika pa foni yapamwamba imene ambiri a inu mumayenda nayo m'thumba. Cha akatswiri, choyesedwa bwino, sichiyandikira n'komwe mtengo wa galimoto imodzi ya boma. Ndipo Mangochi ndi boma limene ndalama za misonkhano zimalidziwa bwino njira. Mwezi ndi mwezi magalimoto a maunduna amandandalika pa malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, anthu akukambirana za chitukuko, za migodi, za masomphenya a Malawi 2063. Alawansi ya msonkhano umodzi wotere ingagule zipangizo zingati? Ndi angati mwa obwera kumisonkhanoyo amene adawolokapo mlatho wa Bakili Muluzi n'kupirira msewu wa ku Makanjira mpaka kukafika kumene mchengawo uli?

Mudzati lamulo lilipo. Inde lilipo, ndipo ndilo likukutsutsani. Malawi adalowa m'bungwe la IAEA, loona za mphamvu za nyukiliya padziko lonse, mu 2006. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mphamvu za nyukiliya mu 2011, limene lidabala AERA. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidabala MEPA, ndipo limafuna kuti ntchito yaikulu isayambe popanda kuunika mmene idzakhudzire anthu ndi malo. Lamulo latsopano la migodi lidabwera mu 2023. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Malire odziwika padziko lonse aliponso: munthu wamba asalandire cheza choonjezera choposa millisievert imodzi pa chaka kuchokera ku ntchito za anthu, ndipo wogwira ntchito pamalo a cheza asapyole mamillisievert 20 pa chaka, powerengera avereji ya zaka zisanu.

Tamvetsani mawu akuti choonjezera. Choonjezera pa chiyani? Kuti mudzanene kuti mgodi waonjezera cheza, kapena kuti sudaonjezere, muyenera kudziwa chimene chidalipo khasu la makina lisanagwe pansi. Popanda nambala yoyambirayo, malire a millisievert imodzi ndi mawu a papepala basi. Zaka khumi zikubwerazi mayi wina akadzati chitsime chake chaipa, kampani idzati madziwo adali choncho kuyambira kale, ndipo palibe adzathe kutsutsa. Kampani ikadzakhala yosalakwa, mphekesera zidzaipachikabe, ndipo palibenso adzathe kuiyeretsa. Nambala yoyambira imayezedwa kamodzi kokha, ndipo nthawi yake ikadutsa siibwerera. Mukudikira chiyani? Kapena kusowa kwa nambalayo kukuthandiza wina? Ndani?

Musanene kuti simunachenjezedwe. Ku Kayelekera m'boma la Karonga, mgodi wa yureniyamu udatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014. Mu 2015 dziko lonse lidamva mkangano wa madzi a pamgodipo otayidwa mumtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru mpaka m'nyanja. Kampani idati madziwo ndi otsukidwa bwino. Mabungwe adakayika. Anthu a m'midzi adatsala pakati, osadziwa womukhulupirira. Akatswiri oima paokha a bungwe la CRIIRAD adachita kuchokera ku France ndi zipangizo zawo kudzayeza kumeneko. Mu 2016 lipoti la Human Rights Watch lidati anthu okhala pafupi ndi migodi ya ku Karonga sankauzidwa zokwanira za chiopsezo pa thanzi lawo. Mudatolapo phunziro lanji? Kodi a ku Makanjira nawonso adikire mlendo wochokera ku Ulaya kuti adzawauze zimene zili pakhomo pawo?

Kunja nakonso zitsanzo zilipo. Ku Fort Dauphin m'dziko la Madagascar, pa mgodi wa mchenga wa QMM umene mwini wake wamkulu ndi Rio Tinto, pakhala kukokanakokana kwa zaka zambiri pa kuchuluka kwa yureniyamu ndi mtovu m'madzi a asodzi, ndipo fupa la mkanganowo ndi lomweli: n'chiti chachilengedwe, n'chiti chamgodi? Ku Bukit Merah m'dziko la Malaysia, fakitale ya Asian Rare Earth idayamba kuyenga monazite mu 1982. Anthu adalimbana nayo m'makhoti chifukwa cha zinyalala za thorium mpaka idatsekedwa mu 1994, ndipo kuyeretsa malowo kudadya pafupifupi madola 100 miliyoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kampani ikadzanyamuka ku Makanjira, dzala lidzatsala la ndani? Ndalama yodzakonzera malowo mudasungitsa kuti, ndipo ndi zingati?

Pali chinanso chimene simungakane. Boma lidaulutsa ndege dziko lonse pa kafukufuku uja anthu adamutcha Kauniuni, zotsatira zake n'kutuluka mu 2015. Mwa zimene ndegeyo inkayeza mudali cheza cha potassium, yureniyamu ndi thorium chochokera m'nthaka. Ndiye kuti mapu oonetsa kumene thorium wachuluka muli nawo, ku nthambi ya Geological Survey ku Zomba. Mapuwo mudawakonzera ofuna migodi, kuti adziwe pokumba. Nanga a zaumoyo ku Mangochi adawaonapo? Mafumu a ku Makanjira adawaonapo? Bwanji uthenga womwewo uli wofulumira kupita kwa wobwera ndi chikwama, koma wolemera miyendo kupita kwa mwini nthaka?

Mudzati kampani ili ndi akatswiri ake, imadziyeza yokha n'kutumiza malipoti. Iyenera kutero, ndipo kampani yanzeru imatero. Koma nyengo yokolola, vendala akabwera ndi sikelo yake kumudzi, boma lomweli limachenjeza alimi kuti asagulitse pa sikelo imene a Malawi Bureau of Standards sadaidinde. Ngati simukhulupirira sikelo ya wogula pa thumba la nandolo, mukuikhulupirira bwanji pa mapapo a anthu? Lipoti la kampani likafika pa tebulo lanu, mumalitsimikiza ndi chiyani? Mudapitako kangati osalengeza? Mudatengapo madzi anuanu, dothi lanulanu, nsomba zanuzanu, n'kukayezetsa kwina? Zotsatira zake zidafanana ndi za kampani?

Tikudziwa kuti chubu cha Geiger sichiyankha zonse. Chimawerenga cheza koma sichitchula mwala umene chachokera. Madzi a pachitsime, ufa wa kondowole ndi nsomba zimafuna labotale. Fumbi limafuna kapampu kokoka mpweya kudzera pa sefa, komangiriridwa pa chifuwa cha wantchito tsiku lonse. Wantchito aliyense amafuna kabaji kosunga cheza chonse chimene walandira, monga kamene ojambula X-ray amayenera kuvala m'zipatala. M'shedi yotsekedwa mumafunika kuyeza mpweya wa radon ndi thoron umene umatuluka m'miyala yotere. Koma zonsezi ndi zifukwa zoyambira msanga. Sizingakhale chifukwa chokhalira manja lende. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo kuli achinyamata ophunzira physics ndi sayansi ya miyala amene akusaka ntchito ya kafukufuku. Mudawaitanapo? Kodi n'chovuta chiyani kuwatuma, pansi pa AERA, kuti ayende gombe lonse mudzi ndi mudzi, n'kulemba nambala ya malo alionse?

Mwina mantha anu enieni ndi akuti nkhani ya cheza ithamangitsa alendo ku Cape Maclear ndi ku Nkopola, igwetsa msika wa chambo, ikhumudwitsa obweretsa ndalama. Ganizaninso. Chimene chimathamangitsa anthu ndi mphekesera, ndipo mphekesera zimamera pamene boma lati zii. Uthenga umodzi wa mawu pa WhatsApp wonena kuti nsomba za ku Mangochi zili ndi poizoni ukhoza kufika ku Limbe ndi ku Lilongwe dzuwa lisanalowe. Tsiku limenelo mudzayankha ndi chiyani? Ndi chikalata chakuti anthu asade nkhawa? Adzakukhulupirirani chifukwa chiyani, ngati simudawaonetsepo nambala nthawi ya mtendere? Lake Malawi National Park ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984. Mbiri yotere imatetezedwa ndi umboni.

Ndipo Makanjira si yekha. Mchenga wa mtundu womwewu uli ku Chipoka m'boma la Salima, ku Tengani m'boma la Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Phiri la Kangankunde ku Balaka, limene kampani ya Lindian Resources ikukonza mgodi, mwala wake waukulu ndi monazite yemweyo. Eni ake amati thorium wa kumeneko ndi wochepa kwambiri. Zikhoza kukhala zoona ndithu, ndipo zikakhala zoona ndi mwayi wa dziko. Koma watsimikiza ndani m'dzina la Amalawi? Mukalephera kuika ndondomeko pa mgodi umodzi, mudzaikwanitsa bwanji pa isanu?

Zimene tikufuna n'zowerengeka. Tulutsani nambala zoyambira za cheza ku Makanjira, za mpweya, madzi, dothi ndi nsomba, pamodzi ndi tsiku, malo ndi dzina la bungwe limene lidayeza. Zimatidwe pa bolodi la khonsolo, pa bwalo la mfumu, pa chipatala ndi pa sukulu, m'Chiyao ndi m'Chichewa, ziwerengedwenso pa wailesi za m'deralo. Khonsolo ya Mangochi ikhale ndi zipangizo zakezake ndi anthu ophunzitsidwa kuzigwiritsa ntchito. Makomiti a m'midzi azikhalapo poyeza, aziona nambala ndi maso awo, azilemba m'kope lawo. Muyeso uzibwerezedwa pa nthawi yoikika, mvula isanagwe ndiponso itatha. Wantchito aliyense aziuzidwa nambala ya kabaji kake, ndipo mbiriyo izimutsata ngakhale atasiya ntchito. Mtengo wa zonsezi ulowe m'ndalama za chiphaso, koma woyeza asalandire malipiro kuchokera m'dzanja la woyezedwa.

Inu aphungu a ku Mangochi, safunsa adadya phula. Nyumba ya Malamulo ili ndi nthawi ya mafunso kwa nduna, ilinso ndi komiti yoona za chilengedwe imene ili ndi mphamvu yoitanitsa AERA ndi MEPA. Mudafunsapo funso limeneli? Ngati mudafunsa, adakuyankhani chiyani, ndipo mudakauza anthu amene adakusankhani? Ngati simudafunse, mukudikira maliro angati okayikitsa kuti mudzafunse?

Kwa inu a unduna, mayankho oona alipo awiri okha. Loyamba: tidayeza, nambala ndi izi. Lachiwiri: sitidayeze, tiyamba tsiku lakuti, ndipo kusefa mchenga kudikira kufikira titamaliza. Lililonse mwa awiriwa tidzalisindikiza pa tsamba lino mmene mwalinenera. Yankho lakuti nkhaniyi mukuiunikabe sitilandira, chifukwa chiphaso chidatuluka mu 2017, ndipo kuyenda ndi chipangizo pa gombe la Makanjira ndi ntchito ya masabata owerengeka.